Thobwa Si Kudya

Nkhani yanga yayenda kale m'midzi yonse ya kuno ku Mlangeni, ndipo aliyense akuifotokoza mmene akufunira. Ena akuti ndinakomoka pamsika. Ena akuti ndinaba njinga. Sindinakomoke, ndipo njingayo ndinabwereka. Ndiye ndaganiza zoilemba ndekha, poti pagulu ine pakamwa pamauma, koma cholembera sichichita manyazi. (Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, pamene ndaphonya mungondikhululukira.)

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Tadala, wa zaka ziwiri. Ndili pachitengwa, ndipo khomo la nyumba yathu linayang'anizana ndi la apongozi anga aakazi. Timalima kachewere ngati wina aliyense kuno. Za manyazi anga musafunse. Mlendo akandipatsa moni ndimayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Ngakhale nkhuku ikandiyang'anitsitsa, amene amayamba kuyang'ana kumbali ndine.

Zinayambira kusikelo, nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Titatha kuyezetsa ana, anatiuza kuti tisabalalike, kwabwera alendo a kafukufuku. Amene analankhula anali asisita ena ake aafupi, ovala magalasi, a mawu ofatsa koma omveka mpaka kumpanda.

Anati m'thupi mwathu, m'minofu ndi m'magazi momwe, muli tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timagwira ntchito ngati timakalata. Timauza tizigawo ta thupi kuti, ichi chepetsani kupanga, ichi chakwana. Munthu akagwira ntchito yotulutsa thukuta, kuchuluka kwa timakalatato kumasintha. Akadya kwambiri kapena akadya moperewera, kumasinthanso. Iwo ankafuna kuona mmene zimakhalira mwa amayi akumudzi ngati ife. Dzina la tizinthuto analitchula m'Chingerezi, ndipo linayamba ngati maikolofoni. Ine ndinangogwira pamenepo basi. Mumtima ndinati, ohoo, kani magazi ali ndi timaikolofoni tawo, ndi chifukwa chake achipatala amadziwa zinthu zimene sunawauze.

"Kuti tione za m'minofu mwenimwenimo, kwa anthu ena timatapa kanyama kakang'ono pantchafu," anatero asisita.

Amayi tonse tinagwira ntchafu zathu nthawi imodzi.

"Inu ayi!" anaseka. "Inu ndi magazi okha. Tidzatenga pang'ono, mudzapalasa njinga yosayenda, kenako tidzatenganso pang'ono. Tisanayambe tidzakuyezani kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Palibe wokakamizidwa."

"Njinga yosayenda ndiye ikatifikitsa kuti?" anafunsa mnzanga amake Yamikani, amene tinakhala moyandikana. Iwowa ndi munthu wopanda mantha, amatha kufunsa ngakhale abusa pakati pa ulaliki.

Asisita atafunsa ofuna kulowa nawo, amake Yamikani anakweza dzanja lawo, n'kukwezanso langa. Ndikanatha kulitsitsa, koma asisita anali atandiyang'ana kale akumwetulira, ndipo kutsitsa dzanja munthu akukumwetulira kumafuna mtima umene ine ndilibe. Pambuyo pake anandifunsa pandekha ngati ndikufunadi, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkafuna kuiona njinga imeneyo.

Kenako anayamba kunena malamulo. Ndinamva awiri. Loyamba, tsiku limenelo mubwere m'mawa musanadye. Lachiwiri, kuyambira dzulo lake musachite masewera olimbitsa thupi. Pamenepo Tadala anayamba kulira, ndinatuluka naye kukamutonthoza kuseri. Pobwerera ndinapeza akugawa mapepala. Langa ndinalipinda bwinobwino, kufika kunyumba n'kuliika m'Baibulo. Sindinaliwerenge. Ndiwerengerenji zinthu zimene ndamva ndi makutu anga?

Malamulowo kwa ine anali osavuta. Masewera? Ine phada ndi fulaye ndinasiya ndisanathe n'komwe msinkhu. Mayi wapabanja ndizikasewera ndi ndani? Za kudya ndiye zosachita kufunsa. Kuno munthu akati wadya, ndiye kuti wasamba m'manja, wakhala pansi, wadya nsima. Zina zonsezi ndi zongonyengerera m'mimba. Mwana akhoza kutafuna chimanga chokazinga tsiku lonse, madzulo adzakuuzani kuti sanadye, ndipo palibe angamutsutse.

Tsikulo litafika ndinalawirira kudimba, chifukwa kabichi sadziwa za kafukufuku. Ndinathirira mabedi onse ndi makeni awiri, kutsika kuchitsime, kukwera, kutsika, kukwera. Pobwera ndinasenza mtolo wa nkhuni. Kufika pakhomo ndinakonola chimanga choti apongozi apite nacho kuchigayo. Ndinakumbukira lamulo lija, ndiye mphika wa nsima sindinauyandikire n'komwe. Ndinangomwa thobwa makapu awiri, la mawere, lija lokoma ngati uchi, n'kuwonjezeramo shuga pang'ono. M'poto munali kachewere wophika wotsala dzulo, ndinangotolamo asanu. Panjira ndinakumana ndi mayi wa zitumbuwa, ndipo kumudutsa osagula ndinaona ngati mwano.

Ndinafika kuchipatala chathu chaching'ono ndili wonyadira kuti ndasunga malamulo onse.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Mwadya?" anafunsa asisita.

"Ayi."

"Masewera olimbitsa thupi?"

"Ayi, asisita, ine sindisewera."

Anandibaya kachala, n'kudonthezera magazi pa kamakina kokhala ngati foni. Anayang'ana kamakinako, anayang'ana ine, anayang'ananso kamakinako. Anatenga chala china n'kubayanso.

"Mayi, mukunenetsa kuti simunadye?"

"Chidyereni dzulo madzulo, asisita." Ndinayankha molimba mtima, mpaka ndinawayang'ana kumaso, chinthu chimene sindichitachita. Munthu wonena zoona saopa.

Kenako anati, "Musadandaule, koma kwa munthu amene sanadye kanthu, shuga wanu wakwera. Sindikunena kuti mukudwala, kuyeza kamodzi sikokwanira. Lero njinga simukwera. Mubwerenso sabata yamawa tsiku ngati lomweli, musanadye, tidzayezenso."

Analemba m'buku langa lakuchipatala, ine n'kubwerera kunyumba njinga ija ndisanaione n'komwe.

Bambo a Tadala anawerenga bukulo ataima pakhonde, ndipo anawerenga mokweza. Mawu oti shuga anawoloka bwalo n'kukalowa m'nyumba mwa apongozi. Ndinangomva lichero lagwa.

Apa ndikuuzeni chifukwa chake. Apongozi anga aamuna anagwira ntchito zaka zambiri kumigodi ku Joni. Anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi jekete lalikulu limene lidakalipo mpaka lero. Atakalamba anawapeza ndi matenda a shuga mochedwa. Matendawo anayamba ndi chala chakuphazi, anatenga phazi lonse, kenako anawatenga iwo. Ine sindinawaone, koma pakhomo pano mawu oti shuga satchulidwa mwachisawawa. Ngakhale wothira mu tiyi amangoti "tapatseni uja".

Apongozi anabwera akuthamanga, anandigwira manja onse awiri, misozi ili mbwe.

"Mwana wanga, mwana wanga! Msinkhu wake uti? Khalani pansi. Ayi, osati pamenepo, pamphasa. Iwe," anatembenukira kwa mwana wawo, "ukungoima ngati mtengo bwanji? Katenge pilo!"

Kuyambira tsiku limenelo moyo wanga unasintha. Khasu anandilanda. Ndowa anandilanda. Shuga yense wa m'nyumba mwathu anasamukira kwa apongozi. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kapu ya madzi a masamba a nimu, owawa moti ukamwa umaona makolo ako, n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza. Amayi akutchalitchi anabwera kudzapemphera, anadzaza nyumba mpaka pakhonde. Anandibweretsera mazira, nyemba, wina mpaka nkhuku yamoyo. Anaimba nyimbo zija timaimba kwa odwala kwambiri, ine nditagona pamphasa, wathanzi ngati ng'ombe yapangolo.

(Ndisaname, masiku awiri oyamba anandikomera. Chikwatiwireni ndinali ndisanagonepo masana. Mantha ndinali nawo ndithu, koma tulo tamasana ndi tokoma, abale.)

Amene sankagona anali bambo a Tadala. Iwo ndi munthu wosalankhulalankhula. Tsiku lachitatu anakhala pafupi nane n'kunena akuyang'ana kukhomo.

"Amake Tadala, ine zimene zinachitika kwa bambo sindikufuna kuzionanso. Tsiku limene mukukayezetsanso ndi la msika ku Lizulu. Ndikagulitsa mbewu ija. Tipite kuchipatala chachikulu mutauni, akakuoneni madokotala enieni."

Mbewu imene ankanenayo ndi ya kachewere, matumba atatu. Tinaisankha tokha m'munda, mmodzimmodzi, n'kuiyala kuchipinda chamdima, ndipo inali itayamba kale kutulutsa timaso. Amene amalima kachewere akudziwa. Ukagulitsa mbewu mvula ili pafupi, wagulitsa chaka chonse. Feteleza, sopo, zovala za mwana, zonse zimachokera m'matumba amenewo. Ndinalira, koma ndinalira ngati wodwala amene amuna ake amamukonda. Ndinali ndisanadziwe kanthu.

Mawa lake kunabwera amake Yamikani kudzandizonda. Anakhala pamphasa n'kuyamba kufotokoza za njinga ija.

"Anzanga, munapulumuka! Chinjinga chake chilibe matayala, chili ndi wotchi kutsogolo. Upalase, upalase, thukuta kamukamu, ukayang'ana uli pomwepo, khoma lomwe lija. Ndiye ndi njala imeneyo! Chidzukireni madzi okha. Ndinayamba kuona asisita awiri."

"Madzi okha?" ndinafunsa. "Simunamweko ngakhale kathobwa?"

"Thobwa? Iii, inu! Si ananena kuti ngakhale tiyi ayi? Kapena nthawi imeneyo munali mutatuluka ndi mwana?" Anandiyang'ana. "Bwanji mwatuwa choncho? Shuga wakwera? Ndiitane apongozi?"

Atangochoka ndinatsegula Baibulo. Pepala lija linali pomwe ndinaliika, lopindidwa bwino. Linalembedwa m'Chichewa chosavuta, zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale wa sitandade thuu akhoza kuwerenga. Musadye kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. Anachita kutchula mayina: phala, tiyi, thobwa, mbatata, zipatso. Pansi pake analemba kuti musagwire ntchito yolemetsa monga kulima, kusinja, kuthirira kapena kusenza katundu. Zinali ngati wolembayo ananditsatira m'mawa uja ndi kope m'manja.

Ndinakhala pansi. Kunja apongozi ankasinja chimanga changa, munthu wamkulu, akuimba nyimbo yachisoni. Mazira a amayi akutchalitchi ndinali nditadya kale asanu ndi limodzi. Nkhuku ija inali itaphedwa dzulo lake, ndipo chiwindi anapatsa ine.

Mukuganiza kuti ndinatuluka kukaulula? Inu simundidziwa. Ndinaimirira kawiri, kufika pakhomo, n'kubwerera. Ndikanayamba ndi mawu ati? Amayi, pepani, misozi yanu ija inali ya thobwa?

M'malo mwake ndinakonza nzeru, ndipo ndinaiona kuti ndi yakuthwa. Ndikhala chete. Tsiku loyezetsa ndidzamwa madzi okha. Kamakina kadzanena kuti ndili bwino, aliyense adzati mapemphero ndi nimu zagwira ntchito, nkhani n'kuthera pomwepo. Chotsala chinali kuletsa bambo a Tadala kugulitsa mbewu.

"Bambo a Tadala, bwanji tidikire kaye zotsatira? Mbewu ikhoza kudikira msika winawo."

"Bambo anga anapita ndi mawu amenewo, oti tidikire kaye," anayankha. "Ogula ambiri akubwera msika uno. Musadandaule za mbewu, inu mungochira."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti ogula mbewu safika m'mawa kwambiri. Ndikayezetsa msanga, ndiwauza nkhani yabwino asanagulitse.

Tsikulo bambo a Tadala analawirira ndi ngolo ya aneba, matumba atatu ali pamwamba. Pochoka anandisiyira foni kuti ndiwadziwitse zotsatira msanga. Foni pakhomo pathu ndi imodzi. Tonse awiri sitinaganize kuti ndiwaimbira pa chiyani.

Ine ndinamwa madzi kapu imodzi, ndinamanga chitenje, ndinabereka Tadala. Ndikutseka chitseko, ndinaona apongozi akuwoloka bwalo atavala zakutchalitchi, m'manja muli jagi.

"Ndikuperekezani, mwana wanga. Koma yambani mwamwa ili. Ulendo ndi wautali, mungagwe panjira. Shuga sindinathiremo ngakhale pang'ono."

Linali thobwa. Jagi yodzaza.

"Amayi, anati tisadye."

Apongozi anandiyang'ana modabwa. "Nanga ine ndakupatsani chakudya? Kodi thobwa n'kudya?"

Mawu anga enieni, kuchokera pakamwa pa apongozi! Ndikanayankha chiyani? Ndikanati thobwa ndi chakudya, akanafunsa kuti ndadziwa liti, ndipo sabata yatha ndinamwa chiyani. Komanso mkamwini kapena mtengwa wokana chimene apongozi amupatsa ndi manja awiri, kuno sanabadwe. Ndinagwada, ndinalandira, ndinamwa. Ndikafuna kulekeza, iwo ankakankha jagi ndi chala kunsi kwake. "Malizani, malizani, mwaonda." Anatulutsanso mbatata yootcha m'thumba, akuti yotsitsira.

Njira yonse thobwa linkalira m'mimba, khuchu khuchu, ine ndikuwerenga mapazi. Nzeru yanga yakuthwa ija inali itathera mu jagi. Tsopano kamakina kadzanenanso zomwe zija, asisita adzalemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo mbewu ipita.

Kuchipatala tinapeza benchi yodzaza, amayi a sikelo, azibambo odikira mankhwala, onse. Chipinda cha asisita chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Apongozi analowa nane, anatenga Tadala n'kumuika pamwendo.

"Mwabweranso, mayi. Mwadya?"

"Sanadye mwanayu," anayankha apongozi ine ndisanatsegule pakamwa. "Mboni ndine. Pamoto sipanakhale mphika lero."

Asisita anapukuta chala changa ndi kathonje kozizira. Anatenga kobayira kaja. Ine m'maso mwanga munali ngolo yokha, ikutsetsereka kupita ku Lizulu, ndi timaso ta mbewu tija tinasankha ndi manja athu. Ndinalanda chala changa.

Vuto la munthu wamanyazi ndi lakuti mawu ake alibe pakati. Amakhala onong'ona kapena ofuula. Ine ndinkafuna kunong'ona.

"NDAMWA THOBWA!"

Ndipo poti chitseko chinali chitatseguka kale, zonse zinatuluka.

"Jagi yonse, ndi mbatata! Sabata yathanso ndinamwa makapu awiri, lothira shuga, ndi kachewere asanu, ndi chitumbuwa. Zitumbuwa ziwiri. Pepala sindinawerenge, linali m'Baibulo."

Wina pabenchi anayamba kuseka, kenako onse. Bambo wina anachita kutsokomola mpaka anamumenya pamsana. Asisita anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Nanga nditakufunsani kuti mwadya?"

"Sindinadye, asisita. Nsima sindinaikhudze."

"Chabwino. Nanga masewera olimbitsa thupi?"

"Amenewo ndiye ayi ndithu. Ndinangothirira dimba, kusenza nkhuni ndi kukonola."

Asisita anaphimba kumaso ndi buku langa lakuchipatala, mapewa akugwedezeka. Atapezako mpweya anati, "Mayi, minofu yanu sidziwa kusiyanitsa keni yothirira ndi masewera. Ikatopa yatopa. Magazinso sadziwa kuti ichi ndi nsima, ichi ndi thobwa, zonse zimasanduka mphamvu m'thupi. Timakalata tija tikanatenga tsiku limenelo, tikanawerenga za munthu amene wathamanga mtunda wautali n'kukhuta, ife n'kumalemba kuti ndi za mayi amene wangodzuka kumene."

Ndinkayembekeza kuti apongozi andikalipira pomwepo. Koma iwo anakonza mpango wawo n'kuyang'ana asisita.

"Pepani asisita, ine sukulu sindinapite, koma funso lanu ndi loperewera. Mlendo atabwera kwanu, inu n'kumupatsa thobwa lokha, akapita kwawo akanena kuti anadya?"

"Sanganene!" anayankha mayi wina wachikulire kuchokera pabenchi.

"Mwamva? Mukanafunsa kuti pakhosi padutsa chiyani. Mwanayu sananame."

"Mwandiphunzitsa, amayi," anatero asisita. "Kuyambira lero ndizifunsa choncho."

Kenako nkhope ya apongozi inasintha pang'onopang'ono. "Dikirani. Ndiye kuti mwanayu sakudwala?"

"Sindinganene mpaka titamuyeza m'mimba mulibedi kanthu. Koma ndi zimene wafotokozazi, mwina alibe vuto lililonse."

Apongozi anakweza manja kumwamba, pakamwa patatseguka kuti ayambe nthungululu. Manjawo anaima m'malere.

"Mbewu!" anakuwa. "Imbani foni!"

Ndinatulutsa foni m'chikwama. Tonse tinaiyang'ana. Apongozi anatseka maso.

Mlonda wa pachipatalapo, bambo wachifundo amene anamva zonse (panalibe amene sanamve), anandibwereka njinga yake. Inali yachimuna, yayitali, chishalo cholimba ngati mwala, mabuleki akumbuyo okha. Ndinakwinya chitenje, ndinasiya Tadala ndi agogo ake, ndinakwera. Kumbuyo ndinamva asisita akufuula kuti, "Mawa musabwere, mupume kaye masiku awiri!"

Amene amadziwa msewu wopita ku Lizulu akudziwa zitunda zake. Ndinapalasa ngati ndikuthawa njuchi. Malole ankandidutsa akuliza mahutala, mphepo yake ikundikankhira kumbali. Thobwa lija linkakwera kufika pakhosi n'kubwerera. Pachitunda china ndinatsika n'kuyamba kuthamanga ndikukankha njinga, anyamata a kabaza akundikuwiza kuti, "Limbani mayi, mphoto ili pafupi!" Ngati timakalata ta asisita timalembedwadi munthu akatopa, tsiku limenelo minofu yanga inalemba mabuku.

Ndinafika pamsika thukuta lili chuchuchu, mpango uli m'khosi, patapata mmodzi ndinamusiya panjira. Tsiku la msika ku Lizulu anthu amakhala ngati nyerere. Milu ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi, mbali zonse ziwiri za msewu, ena akulankhula Chipwitikizi, mabasi akuima, ogulitsa akuthamangira mawindo. Munthu mmodzi ungamupeze bwanji? Ndinayenda mzere woyamba ndikuyang'ana mwakachetechete monga mwa khalidwe langa. Mzere wachiwiri chimodzimodzi. Kenako ndinaona kuti manyazi andidyera kale zambiri sabata imeneyi. Ndinakwera pa mulu wa matumba a munthu wosamudziwa n'kukuwa.

"Bambo a Tadala!"

Anatembenuka azibambo atatu. (Dzina limeneli tinalisankha tikuganiza kuti ndi losowa.) Wachitatuyo anali wanga. Anaima pafupi ndi lole, wogula atagwira kale pakamwa pa thumba, akuyang'ana timaso ta mbewu. Pansi panali matumba awiri.

"Musagulitse! Sindikudwala! Linali thobwa!"

Msika wonse wa mbali imeneyo unatembenuka. Mayi wina wogulitsa thobwa m'mabotolo anafunsa mokwiya kuti, "Thobwa la ndani?" Bambo a Tadala anathamanga kudzanditsitsa pamatumba paja, akuganiza kuti matenda afika kumutu.

Ndinafotokoza zonse ndikupuma mwa befu, pamaso pa wogula, pamaso pa onyamula katundu, pamaso pa aliyense amene anasiya malonda ake kudzamvera. Nditamaliza, iwo anakhala pa thumba limodzi n'kugwira mutu.

"Amake Tadala," anatero pomaliza, "sabata yonse ine chakudya chosalowa. Inu mukudya mazira."

"Pepani."

"Ndi chiwindi cha nkhuku."

"Pepani, bambo a Tadala."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. Sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira, mwina zonse. Kenako anauza wogula uja kuti malonda atha. Wogulayo sanakwiye n'komwe, anati nkhani imeneyi akaifotokoza kwawo.

"Nanga thumba lachitatu?" ndinafunsa.

Analoza kumsewu ndi chibwano. Linali litapita kalekale pa lole ina, ndipo mwina linali litadutsa kale ku Dedza. Kugulanso mbewu yabwino ngati imeneyo nthawi imeneyo ya chaka, ndi maloto.

Patatha masiku atatu ndinapitanso kwa asisita. Ulendo uno apongozi anachita kundilondera kuyambira m'mawa kuti ngakhale mtedza umodzi usalowe pakamwa, ndipo madzi anayamba awanunkhiza. Asisita atandiona anafunsa kuti, "Mayi, chidzukireni pakhosi padutsa chiyani?" Ndinati madzi. Shuga anapezeka ali bwinobwino. Ndinakwera njinga yosayenda ija, ndipo poyerekeza ndi ya mlonda inali ngati mpando wa abusa. Anatenga magazi ndisanakwere ndi nditatsika, anawaika m'bokosi lozizira, akuti akawayezera kutali ndipo zimatenga nthawi. Zimene timakalata tanga tinanena sindikuzidziwa. Ndikungopempha kuti za mazira tisatchule.

Mvula itagwa tinadzala matumba awiri aja. Mbali ya kumunsi kwa munda, kumene kukanalowa thumba lachitatu, tinadzalako nyemba zimene amayi akutchalitchi anandipatsa ndili "wodwala". Chaka chimenecho malata a kukhitchini amene tinkafuna sitinagule, ndipo mvula ikamadontha pamutu ndikuphika, palibe amene amanena kanthu. Bambo a Tadala amangoyang'ana kudenga, n'kuyang'ana ine.

Chimene ndaphunzira ndi chakuti pepala ukapatsidwa uziwerenga, ngakhale ukuona ngati wamva zonse, ndiponso kuti mawu amene ukuopa kunena kunyumba pamaso pa anthu awiri, udzawanena pamsika utakwera pa matumba a eni. Zimenezo ndavomera. Koma pa nkhani inayi asisita andikhululukire. Za magazi akudziwa ndi iwo, sindikutsutsa. Koma tsiku lina adzabwere kwathu, ndidzawapatse thobwa kapu imodzi n'kuwaperekeza kumsewu. Tidzaone ngati sadzakauza anzawo mutauni kuti kwa amake Tadala anachokako osadya.